Funsani Ankolo: Tinakolola bwino, nanga njala yalowera pati?

Mwezi uno mauthenga ambiri amene agwa pa foni yanga ndi a chakudya, a zachikondi aja achepa kwambiri, kaya anthu asiya kukanana kaya ndi njala yomweyi sindikudziwa. Ndasankhapo asanu, ena ndawadula pang'ono chifukwa anali ataliatali ngati ulaliki wa pamaliro.

FUNSO: Ankolo, ine ndi mayi wa ana anayi, ndimakhala kufupi ndi Mitundu. Chaka chatha Mulungu anatikomera mtima tinakolola matumba 23 a chimanga, koma mu Meyi mwana wa Fomu 3 amafuna fizi, ku banki mkhonde nakonso amafuna ndalama yawo, nde tinagulitsa matumba 12 kwa venda wina amene anapachika sikelo yake pa mtengo wa mango pamphambano pathu. Otsalawo analowa anankafumbwe, pofika Okutobala ukamasula thumba kumangotuluka fumbi. Mu Febuluwale ndimagula ndowa imodzi pa mtengo womwe ndinagulitsira thumba lathunthu, kwa venda yemwe uja. Bambo akunyumba akuti vuto ndi ine sindidziwa kusunga. Ndalakwa pati?

YANKHO: Mayi, poyamba awuzeni bambowo kuti chimanga chimasungidwa ndi anthu awiri, tsiku limene matumba 12 amakwera njinga iwo anali kuti? Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Ine ndimawerengera matumba 6 a makilo 50 pa munthu wamkulu pa chaka, mwana theka lake. Inu ndi bambo matumba 12, ana anayi matumba 12, ndipo wa Fomu 3 uyo sadya ngati mwana. Ndiye 23 aja sanali ochuluka ayi, anali ongokwanira pakamwa penipeni, simunagulitse chotsala, munagulitsa nsima ya Januwale ndi Febuluwale. Sindikukudzudzulani, fizi sidikira, ndikungofuna muone kuti njala ya mu Febuluwale nthawi zambiri imabadwa mu Meyi pansi pa mtengo wa mango pomwepo.

Ndipo si inu nokha, dziko lonse limachita zomwezo tsiku limodzi. Tonse timadalira mvula imodzi, timakolola mwezi umodzi, ngongole zonse zimatipeza mwezi womwewo, nde chimanga chimasefukira pamsika mtengo nkugwa. Amene ali ndi ndalama m'thumba komanso chipinda chouma chosungiramo ndiye amadya phindu la thukuta lanu, sanagwire khasu koma anatha kudikira miyezi 8. Unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse, koma mtengo wa papepala sugula chimanga, umafuna munthu amene wabwera ndi ndalama pa mtengo umenewo. Ntchito imeneyo inali ya ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, akuluakulu akukumbukira misika yake mpaka kumidzi yakutali. Zaka zambiri zapitazi yakhala ikulandira ndalama zogulira mbewu mochedwa, mavenda atasesa kale, ndipo mu 2022 boma linachita kuitseka kaye kuti liikonzenso. Palinso NFRA, ya nkhokwe za dziko, inayamba mu 1999, nkhokwe zake zazikulu zija za ku Kanengo zimatha kulowa matani 180,000. Amene munali akulu mu 2002 mukudziwa chimene chimachitika nkhokwe zikakhala zopanda kanthu, chimanga cha m'nkhokwe chinagulitsidwa chisanafike chaka choipa, anthu anadya gaga, mizu ya nthochi, ena anatisiya. Nkhokwe ya dziko ndi nkhokwe ya pakhomo panu lamulo lake ndi limodzi, umadzaza nthawi yotchipa, umatsegula nthawi yodula, ukasemphanitsa walira.

Tsopano za anankafumbwe, apa pokha ndi pomwe mungagwirepo ndi manja anu chaka chino. Ambiri timathira chimanga m'thumba chisanaume, timangoluma njere imodzi nkumati chauma. Tengani botolo la galasi louma bwino, thiranimo njere za chimanga ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani, dikirani pang'ono. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chinyezi chilipo, bwererani nacho pa mkeka. Chimanga chonyowa chimachita chuku, ndipo chuku chimenecho ndi poizoni, si chopatsa ana kapena nkhuku, pa mtedza ndiye chimavuta zedi. Chikauma muli ndi njira ziwiri, akiteliki wothira mulingo wake osati wongowaza pamwamba, kapena matumba a PICS aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja, mumamanga lililonse palokha mpweya osalowa, kachilombo kamafa kokha popanda mankhwala. Amadula kuposa saka wamba inde, koma mukawasamala osabooledwa ndi makoswe amagwira zaka zingapo. Osamatsegulatsegula, ndipo muwasanjike pa matabwa osati pansi. Ndinaonapo kwa mlamu wanga thumba lotere titalimasula mu Januwale njere zili mbee ngati zokolola dzulo, pomwe la saka wamba pambali pake ukaika khutu umachita kumva kulira kwa tizilombo mkati.

Za fizi, njira yake ndi kukhala ndi mbewu ina yogulitsa, soya kapena mtedza ngakhale kachigawo kochepa, kuti venda akabwera adzatenge imeneyo chimanga achisiye. Ndipo mukakhala pagulu mumatha kusonkhanitsa matumba nkukasungitsa ku nyumba zosungiramo mbewu zimene zimapereka lisiti, ngati mmene amachitira a ACE, bungwe loyendetsa msika wa mbewu, lisitiyo nkutengera ngongole pang'ono podikira mtengo ukwere. Sindikunamizani, kwa munthu mmodzi wa matumba 12 transipoti yokha ikhoza kudya phindu, zimayenda mukakhala anthu 20 kapena 30 okhulupirirana, ndipo kukhulupirirana kumeneko ndiye kumasowa kuposa matumba.

FUNSO: Ankolo ine ndi bambo wa ku Ntchisi. Zaka zitatu tsopano dzina langa silikutuluka pa feteleza wotchipa, anzanga ena akutuluka chaka ndi chaka. Boma bwanji osangopereka feteleza kwa aliyense njala ithe basi? Nthawi ya Bingu zinatheka bwanji?

YANKHO: Bambo, kupweteka kwa dzina losatuluka ndikukumva, makamaka ukamaona mnzako walandira nkukagulitsa thumba madzulo ake omwewo. Koma funso lanu lachiwiri ndi limene lili ndi nyama. Za sabuside sizinayambe ndi Bingu, mu 1998 nthawi ya a Muluzi kunali sitata paki, timapaketi tating'ono ta mbewu ndi feteleza. Makuponi anabwera mu 2005 dziko litangochoka mu chilala, ndipo zoona zokolola zinakwera, mvula nayonso inagwa bwino zaka zotsatirazo, mpaka tinagulitsako chimanga ku Zimbabwe. Mu 2020 kunabwera pulogalamu ya feteleza wotchipa ya AIP, thumba pa K4,495. Kenako mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza feteleza dziko lonse lapansi, kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi chaka chomwecho, nkudzagwetsedwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, thumba la m'sitolo mpaka linadutsa K100,000. Feteleza ameneyu timachita kuitanitsa kunja, amatsika pa doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam nkuyenda mtunda wonsewo, ndipo amagulidwa ndi madola, madola amene timawapeza kwambiri pa fodya ndipo mafuta a galimoto ndi mankhwala a m'chipatala akulimbirana omwewo. Ndiye kupatsa aliyense ndi nkhani yokoma pa msonkhano wa ndale koma thumba la boma silingakwanitse.

Chimene chimandiwawa ine ndi china. Ndalama ya sabuside imadya gawo lalikulu la bajeti ya unduna, zotsala ndi zimene agawane alangizi, ofufuza a ku Chitedze ndi ku Bvumbwe, ulimi wamthirira, katemera wa ziweto. Nchifukwa chake mlangizi mmodzi amakhala ndi midzi yosawerengeka, njinga yamoto ilipo mafuta palibe, ntchemberezandonda zija zitafika cha mu 2017 alimi ambiri anachita kuphunzitsana okha, wina kuthira dothi pa nsonga, wina sopo, wina msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere. Ndipo feteleza sagwetsa mvula. Mu 2024 anthu anathira bwinobwino, El Niño nkubwera, ng'amba ya mu Febuluwale chimanga chikumasula, chinauma chili chiimire ndi feteleza wake yemwe, boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, ndipo anthu pafupifupi 5.7 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Chaka cha m'mbuyo mwake namondwe Freddy anali atakokolola minda kummwera. Ndalama zonse taziika pa mbewu imodzi yodalira mvula imodzi, zili ngati kubetcha malipiro onse pa timu imodzi.

Komanso nthaka yatopa bambo. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, munda ndi womwe uja wa agogo tangougawana mizere, sugoneranso, chimanga pa chimanga zaka 30, mapesi timatentha posaka mbewa. Nthaka yotere ngakhale muithire matumba awiri imabweza pang'ono. Nde podikira dzina lanu, chitani izi. Mukapeza ngakhale thumba limodzi pangani Mbeya, makilo 10 a feteleza kusakaniza ndi madeya, phulusa, ndowe za nkhuku kapena nkhumba ndi madzi pang'ono, kumanga mu thumba la pulasitiki mkati masiku 21 pamthunzi, thumba limodzi limabala asanu. Mphamvu yake siifanana ndendende ndi feteleza weniweni, asakunamizeni, koma amafika munda wonse ndipo amasiya kanthu m'dothi. Mapesi kwirirani. Gawo lina la munda bzalani mtedza pamodzi ndi nandolo, chaka chinacho mudzabzalepo chimanga, alimi a ku Ekwendeni akhala akuchita zimenezi kuyambira cha mu 2000 ndipo dothi lawo likuyankha. Ndipo ngati muli ndi mtengo wa msangu m'munda musaudule, umayoyola masamba nthawi ya dzinja pomwe mitengo ina ikuphuka, suphimba chimanga, pitani mukaone chimanga cha pansi pa msangu mmene chimabiriwira.

FUNSO: Ankolo ndili ku Joni chaka cha 6, ndimagwira ya mu garden ku Johannesburg. Chaka chilichonse ndimatumiza ya feteleza mu Okutobala, mu Januwale foni yalira akuti ufa watha nditumizenso. Ndatopa aise. Kwathu ku Mangochi tili ndi dimba, ndikuganiza zogula pampu ya sola. Ndi nzeru kapena nditaya ndalama?

YANKHO: Mphwanga, ndi nzeru, koma usagule kaye. Tuma munthu akajambule chitsime cha kudimbako mu Okutobala dzuwa lili pamutu, osati mu Epulo madzi ali ponseponse. Pampu ya sola imakoka madzi mwachangu kuposa ndowa kapena thiredo pampu, chitsime chosaya chimaphwa mu ola limodzi nkumadikira mpaka mawa, ndiye mwina ndalama yoyamba ipite kokumba ndi kumanga chitsime. Chachiwiri, ndani adzagone ndi mapanelo? Akuba amawakonda kwambiri, ambiri amachita kunyamula madzulo aliwonse. Chachitatu gula pampu imene zipangizo zake zimapezeka ku Mangochi kapena ku Blantyre, yobwera nayo pa basi kuchokera kumeneko ikafa kachingwe kamodzi imasanduka chokhalira nkhuku.

Chachikulu ndi msika. Aliyense akapeza pampu amathamangira tomato, onse nkukolola sabata imodzi, ukadutsa pa Lizulu kapena pa Jenda nthawi imeneyo umaona mabeseni ali ndandanda mpaka ena kuwola. Awuze abale ako agawe dimba, gawo lina chimanga chachiwisi chogulitsa, gawo lina nyemba ndi mbatata zodya, ndipo azibzala mosiyanitsa masabata kuti ndalama izilowa pang'onopang'ono. Chimanga chobzala mu Ogasiti chimapsa nthawi imene m'nkhokwe mwayamba kuoneka pansi, foni ya mu Januwale ija imachepa pamenepo. Asalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, ndi mmene mitsinje yathu yadzadzira mchenga.

Zimandiseketsa mopweteka kuti kwanuko nyanja ili pakhomo koma anthu amafa ndi ng'amba. Boma likukumba ngalande yaikulu ku chigwa cha Shire, madzi kuchokera pa Kapichira kupita ku Chikwawa ndi Nsanje, cholinga ndi mahekitala opitirira 40,000, namondwe Ana anaononga pa Kapichira pomwepo mu Januwale 2022 ntchito nkubwerera m'mbuyo. Ikadzatha idzathandiza, koma masikimu akale a mpunga ngati Likangala, Muona, Limphasa, Hara anatiphunzitsa kuti kumanga nkosavuta, chovuta ndi kupeza woti azichotsa mchenga mu ngalande chaka ndi chaka. Pa dimba lanu zidzakhalanso chimodzimodzi, sankha munthu mmodzi woyankha, osati banja lonse, apo ayi udzamva kuti aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye wathirira.

FUNSO: Ankolo ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Zomba. Ana ndikawafunsa amati dzulo tagona ndi njala, ndikafufuza ndimapeza kuti anadya mbatata kapena mpunga. Kodi njala yathu si ya m'mutu chabe?

YANKHO: Aphunzitsi, pang'ono mwalasa koma samalani. Ilipo njala yeniyeni, anthu a ku Nsanje amalowa m'madambo a ng'ona kukazula nyika, ku Machinga tinamva za mabanja ophika chitedze masiku angapo kuti poizoni achoke, amenewo musawauze kuti ndi za m'mutu. Koma zoona, ife nsima ya chimanga tinaikwatira ukwati wa ku tchalitchi. Chonsecho chimanga ndi mlendo, chinachokera ku America, makolo athu akale ankadalira mapira ndi mawere, mbewu zopirira ng'amba. Anzathu a ku Nkhata Bay ndi kondowole wawo chaka cha chilala samalira ngati ife.

Ndipo mbali ina ndi yoti mwana akhoza kukhuta nsima tsiku lililonse nkukhalabe wopinimbira. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 ndi opinimbira, ndipo vutoli limapezeka ngakhale m'maboma olima chimanga kwambiri, mtedza ndi soya zonse zapita kwa venda, mazira agulitsidwa kuti tigule mchere, mwana watsala ndi nsima ya ufa woyera ndi madzi a masamba. Magulu 6 a zakudya aja mumaphunzitsa m'kalasi, yesani kuwaonetsa pa munda wa sukulu. Mbatata yofiira mkati ilipo ya mitundu yambiri, Zondeni, Kaphulira, Kadyaubwerere, Anaakwanire, Chipika, ili ndi vitamini A ndipo ana amaikonda chifukwa chotsekemera. Mufunsenso agogo a anawo za mfutso, kale nkhwani ndi khwanya zimafutsidwa nthawi ya dzinja nkusungidwa mu zikwatu mpaka chilimwe, lero atsikana akuti ndi zachimidzi koma mu Okutobala akugula kamtolo ka repu kodula.

Osangodzudzula anthu okha, munthu amalima chimene chili ndi mbewu pafupi komanso msika. Mbewu ya chimanga ili mu sitolo iliyonse, Kanyani, Mkango, Njovu, koma kafunefuneni mbewu yabwino ya chinangwa kapena mphukira za nthochi zopanda matenda muone. Matenda a chisaka atatha nthochi za ku Thyolo ndi Mulanje tinafika pomadya nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique, Thyolo yeniyeni imene inkadzaza malole.

FUNSO: Ankolo ndimachita geni ya mbewu ku Mchinji. Chimanga chikachuluka boma limatseka kuti tisagulitse kunja, chikasowa limakagula ku Zambia komweko modula. Zimenezi ndi zoona?

YANKHO: Achimwene, inu ndinu venda uja akumudandaula mayi a ku Mitundu pamwambapa eti? Kkkk. Koma apa muli ndi mfundo. Boma limatseka poopa kuti chimanga chingathe, ndipo mantha amenewo ndi omveka, vuto ndi loti chitseko chimatsekedwa ndi kutsegulidwa mosadziwika tsiku. Mlimi wamkulu amene akanalima mahekitala 50 a chimanga amaona kuti chaka chabwino adzamutsekera mtengo nkugwa, nde amathawira ku fodya kapena soya, chaka chinacho chimanga chachepa. Za nandolo zinatiphunzitsanso mbali ina, India atachepetsa kugula mu 2017 mtengo unagwa alimi a kummwera anangosiya nandolo m'munda, msika wodalira khomo limodzi ndi woopsa. Ndipo malire enieni anthu anawatsegula kale okha, pitani pa Muloza m'mamawa muone njinga zochokera ku Milange zitanyamula matumba atatu atatu, ndi chimanga chimenecho chimene chimadyetsa Mulanje, Thyolo mpaka Blantyre miyezi ina. Chofunika ndi lamulo lodziwikiratu, nkhokwe za dziko zikafika pakuti timatsegula, zikatsika pakuti timatseka, aliyense adziwe asanabzale.

Koma inu achimwene, sikelo yanu ija akaipime a Malawi Bureau of Standards ikhale ndi chidindo, ndipo ndowa yanu yogulira ikhale yomweyo yogulitsira, osati yogulira yophikidwa m'madzi otentha kuti ifutukuke.